Kapaipi ka Pachifuwa pa Che Ajibu

Munthu woyamba kundifunsa kuti ndine mwana wa yani kuno ku Doha anali Che Ajibu. Ena onse ankangofunsa kuti ndikugwira kuti, madamu anga ndi otani, foni amandilola kapena amalanda. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkuti, "Mphumi iyi ndi ya Che Fahadi, atelala a pa Nselema. Ndanama?" Sananame. Kuchokera tsiku limenelo dzina langa la Zainabu analisiya, nkumanditchula Abiti Fahadi, kutanthauza mwana wamkazi wa Che Fahadi. Ine ndimawatchula amalume, ngakhale ubale wa magazi palibe.

Ndimagwira ntchito m'nyumba ina ku Al Hilal, kuchapa, kusita ndi kukolopa. Mwana wanga Amina ndinamusiya ndi amayi kumudzi. Lachisanu masana madamu amandimasula, ndiye ndimapita ku Al Nasr, kuseri kwa nyumba yosanja imene Che Ajibu amalondera, komwe kuli kashopu ka tiyi wa karaki, wa mkaka ndi zonunkhiritsa. Amalawi angapo timakumana pamenepo.

Che Ajibu anabadwira ku Nselema konko. Anayamba ndi kabaza pa Liwonde. Mawondo atayamba kudandaula, anapita ku Limbe kukalondera sitolo ya nsalu, ndi chibonga ndi wisulo. Amati kumeneko ndi kumene anaphunzira kukhala tsonga, maso ali pageti koma mutu uli kumunda wa nandolo kwawo. Ku Doha anabwera zaka zija amakonzekera mpira waukulu wa dziko lonse, makampani akufuna alonda ambiri. Anawaika pa mageti a panja. Chimbudzi chinali kutali ndi geti, ndiye posafuna kumachokachoka pamalo, anazolowera kusamwa madzi. Amene muli kumudzi, ganizani za Okutobala wa ku Nsanje, nkuwonjezapo uvuni wa buledi. Patapita zaka, mapazi anayamba kutupa, nsapato za yunifomu zinakana kulowa. Kuchipatala anawapeza ndi bipi yomwe sankaidziwa, ndipo anawauza kuti impso zawo zasiya ntchito.

Kampani sinawathamangitse. Inawasamutsira pa desiki ya m'kati, pamene pali mpando ndi eyakoni, kumatsegulira anthu chitseko ndi kulozera lifiti anyamata obweretsa zakudya. Katatu pa sabata amapita ku makina otsuka magazi. Kuti magaziwo azituluka nkubwerera, madokotala anawaika kapaipi pachifuwa.

Ine ndinakaona kamodzi, atamasula batani la malaya. Kamalowa m'munsi pang'ono mwa khosi, mbali ya kumanja. Kunja kumalendewera timiyendo tiwiri, kena ka chivindikiro chofiira, kena cha buluu, tokulungidwa ndi bandeji. Ndinafunsa kuti m'katimo kamathera pati. Anagwira pamtima nkuti, "Pakhomo penipeni pa bwana." Iwo amakatchula mpopi. Chifukwa cha mpopiwo anasiya kusamba kodzithira madzi, amangodzipukuta ndi kansalu, ndipo lamba wa m'galimoto amamuika pansi pa mkhwapa.

Muyenera kudziwa chifukwa chimene ankauopera mpopiwo kuposa mmene munthu amaopera chikwama cha pasipoti. Kumanzere kwa khosi kunali kapaipi koyamba, kamene kanatsekeka nkusiya mtsempha utaonongeka. Ndiye wa kumanjawu unali wotsiriza kumtunda kuno. Ukanachoka, anawauza kuti poyembekezera akanawaika wina pantchafu, cha m'mphechepeche, ndipo munthu wa kapaipi ka pamenepo amagona m'chipatala. Mlonda wogona si mlonda. Ntchito ikatha, chitupa chokhalira kuno chimatha, ndipo kwathu makina otsuka magazi ali kutali mumzinda, mzere wake wautali. Chiyembekezo chinali pamkono. Madokotala analumikiza mitsempha iwiri pamenepo kuti ipange umodzi waukulu wobayapo, koma anati uyenera kukhwima miyezi ingapo. Anawapatsa kampira ka labala koti azifinya. Ndiye mukawapeza pa desiki, dzanja lina lili pa batani la chitseko, lina likufinya kampira ngati akukama mbuzi.

Koma chimene Amalawi a kuno ankawadziwira Che Ajibu si mpopi. Chinali chitini. Chitini cha buluu cha mabisiketi, chimene chinkakhala m'kabati ya pansi pa desiki. Kuno ku famase sangakugulitse mankhwala opha tizilombo popanda dokotala kulemba, pamene kwathu umangogula pa okala pamodzi ndi machesi. Ndiye chizolowezi chathu nchakuti aliyense wochokera ku holide amabweretsa, pakati pa usipa ndi ufa, timapepala ta bakitirimu, makapusozi, panado ndi LA wa malungo, nkusiya gawo m'chitini cha Che Ajibu. Wina akatsegula m'mimba, kapena kutentha thupi, sataya tsiku la ntchito pamzere. Amangopita ku Al Nasr. Che Ajibu amamuyang'ana m'maso, kumufunsa mafunso awiri, nkumuwerengera mapilitsi m'manja. Sankalipiritsa.

Wickson, dalaivala wa ku Thyolo amene amagona nawo chipinda chimodzi, amawatchula a Unduna wa Zaumoyo.

Lachisanu lina m'mwezi wa Juni ndinawapeza pa kashopu paja atavala jekete. Juni wa kuno ngakhale mphaka amathawa panja. Kapu ya tiyi inkagwedezeka m'manja mwawo mpaka kutayikira pa thalauza.

"Amalume, mwatani?"

"Ndi malungo, Abiti Fahadi. Mafi mushkila, palibe vuto."

Wickson anaseka. "Malungo? Udzudzu mwauona kuti kuno, a Unduna? Wakwera ndege iti?"

"Iwe mwana wa m'tiyi ungadziwe chiyani? Malungo amagona m'mafupa. Akafuna kudzuka safunsa viza."

"Kumudzi munapita liti komaliza? Inu malungo anu ndi aulesi bwanji, kugona zaka zonsezi?"

"Khalasi, zakwana, Wickson. Imwa tiyi wako."

Tonse tinaseka, ine ndemwe, chifukwa kwathu kutentha thupi kulikonse ndi malungo mpaka wina atatsutsa. Anamwa LA pamaso pathu. Wickson anandinong'oneza kuti bakitirimu anamuyamba kale, m'mawa ndi madzulo. Ndinafunsa kuti kunjenjemeraku kumabwera nthawi yanji. Anati makamaka akangochoka ku makina.

"Ndiye anesi akuti bwanji?"

"Anesi sakudziwa," anatero Wickson. "Akamapita amayamba amwa panado kuti choyezera chija chisawaulule."

Che Ajibu anamuyang'ana moipa. Kenaka anatembenukira kwa ine nkunena motsitsa mawu. "Anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti thupi likadzatentha, woyamba kuganiziridwa ndi mpopi. Akauganizira amauzula. Ndiye ndiwauziranji? Malungowa atha okha, inshallah."

Sanathe. Pakati pa sabata mayi wina wokhala m'nyumba yosanja ija anawapeza atatsamira pa desiki, mano akugogoda, osatha kutchula dzina lake. Anaitana ambulansi.

Lachisanu lotsatira ine ndi Wickson tinapita kukawaona. Anali atagona m'chipinda cha anthu anayi, diripi ili pamkono, nkhope itagwa. Chinthu choyamba kunena, tisanakhale nkomwe pansi, chinali chakuti, "Za chitini pasapezeke wotsegula pakamwa. Akamva akauza kampani kuti ndimagawa mankhwala. Mwamva?"

Tinavomera. Akulu akanena, umavomera.

Posakhalitsa panafika dokotala, mayi wa ku Sudan, wamtali, wa mpango wotuwa, pamodzi ndi nesi wa ku Philippines dzina lake Marites. Chingerezi changa nchakukhitchini, cha Che Ajibu nchapageti, ndiye Wickson ndi amene ankamasulira pamene tasochera, ngakhale amathirako mchere wake.

Dokotalayo anafotokoza kuti tsiku limene anafika anawatenga magazi pawiri, ena pa kapaipi, ena pamkono, nkuwathira m'mabotolo muli chakudya cha tizilombo. Mabotolowo anawaika m'kabati yofunda. Ngati m'magazi muli tizilombo, timadya, kuswana, mpaka kuoneka, ndipo ku labu amatidziwa mtundu wake ndi mankhwala amene timaopa. Koma masiku apita, m'mabotolo simunamere kanthu. Malungo anayeza, mulibe. Mankhwala amene akuwapatsa ndi ongoponya mumdima, ndipo thupi likutsika pang'ono nkutenthanso.

"Sindingasiye kapaipi pafupi ndi mtima ndisakudziwa chimene chili m'kati," anatero. "Zikapitirira chonchi, Lamulungu tikachotsa."

Che Ajibu anaika dzanja pachifuwa, pamwamba pa bandeji.

Ine mutu wanga unali utatsalira pa mabotolo aja. Zinandikumbutsa nazale ya fodya ya amalume anga enieni. Umafesa, kuthirira, kuphimba ndi udzu, nkudikira. Zikamera umadziwa chimene unafesa. Zikapanda kumera, mwina sunafese kanthu, mwinanso mbewuyo inali itaonongeka. Mtedza wokazinga ungaukwirire pa dothi labwino bwanji, sumera. Ndiye ndinayamba kudzifunsa: nanga tizilombo tokumana ndi bakitirimu sabata yonse, si mtedza wokazinga umenewo?

Sindinafune kuwaulula amalume. Komanso funsolo linkandiyabwa pakhosi. Ndinakweza dzanja ngati kusukulu.

"Dokotala, pepani. Ndingofunsa nawo. Munthu wina, osati awa, munthu wina chabe, atamwa mankhwala asanabwere kuno, m'botolomo zingamere?"

Wickson anayang'ana kudenga. Marites anasiya kukonza diripi. Dokotala anandiyang'ana ine, kenaka anayang'ana Che Ajibu, nkukoka mpando kukhala pansi.

"Munthu winayo," anatero pang'onopang'ono, "anamwa mankhwala anji?"

Che Ajibu anatsokomola. Anandiponyera diso limene sindidzaiwala. Kenaka anapumira m'mwamba nkuti, "Awiri okha."

"Awiri m'mawa," anatero Wickson.

"Iwe," anatero Che Ajibu.

"Ndi awiri madzulo. A Unduna, khalasi, madzi atayika kale. Nenani zonse."

Ananena. Bakitirimu, LA, makapusozi angapo pamene bakitirimu anaoneka wochedwa, ndi panado wobisira anesi. Dokotala anagwira kumutu. Anati bakitirimu kwa munthu wa impso zakufa angathe kukweza mchere wina m'magazi mpaka mtima kuima, ndipo ali ndi mwayi kuti makina ankawatsuka. Za kampani sanatchule nkomwe. Chimene ankafuna ndi dzina la mankhwala ndi tsiku limene anayamba.

Atatha kukalipa, nkhope yake inasintha, inakhala ya munthu amene wapeza poyambira ulusi. Anati tsopano zamveka chifukwa chake m'mabotolo simunamere kanthu. Tizilombo tambiri toyandama m'magazi tinali titafa kapena kukomoka, koma gwero lake likadalipo. Anati pali kuyeza kwina, kumene sachitira aliyense, kosadikira kuti kanthu kamere. Kumafufuza DNA ya tizilomboto m'magazi.

"DNA?" Wickson anadzuka pampando. "Ija amayeza bambo akakana mimba?"

Dokotala atamva kumasulira kwake anaseka koyamba. Anati yomweyo. Chamoyo chilichonse chili ndi yake, munthu, mbuzi, ngakhale kachilombo kosaoneka ndi maso, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kalembedwe kake.

"Ndiye tikufuna tidziwe bambo wa tizilombo ta a Unduna," anatero Wickson. "Akapezeka azilipira sapoti."

Ine ndinafunsa kuti, nanga ngati tizilomboto tafa? Anati ngakhale titafa, zidutswa zake zimatsala kwa kanthawi. Pamenepo ndinamvetsa. Ukapeza makoko pansi pa mtengo, sufunika kudzala kuti udziwe kuti pano anthu amadya mtedza, osati nzama. Koma ndinali ndi funso lina. Magazi a m'kabotolo ndi ochepa, kachilombo nkochepetsetsa, ndiye chidutswa cha kachilombo angachione bwanji? Anati makinawo sachiona msanga. Amayamba achichulukitsa. Amatenthetsa, kuziziritsa, kutenthetsanso, ndipo ulendo uliwonse chidutswa chimodzi chimakhala ziwiri, ziwiri zimakhala zinayi, mpaka mulu woti nkuwerengeka. Zili ngati fotokope ya pa boma, koma yoti pepala lililonse lotuluka nalonso likubereka.

Ndinapempha kuti ndikaone makinawo. Anati ku labu salowa alendo. Marites anandionetsa chithunzi pafoni yake. Ndinakhumudwa pang'ono. Ndinkayembekeza chinthu chachikulu ngati chigayo, koma chinali kabokosi kotuwa, kofanana ndi maikulowevu ya madamu.

Dokotala sanafune kuti tisangalale msanga. Anati kuyeza kumeneku kuli ndi vuto lake: kumatola chilichonse, ngakhale makoko obwera ndi mphepo. Kachilombo ka pakhungu kakagwera pa singano potenga magazi, makina amakawerenga ngati kuti kanali m'kati. Nchifukwa chake atenganso pawiri, pa kapaipi ndi pamkono, mosamala, nkufananiza, ndipo yankho lake aliwerenga pamodzi ndi mmene wodwala akuonekera. Komanso makinawo amatchula dzina, koma si nthawi zonse amanena mankhwala amene kachilomboko kamaopa.

Kenaka anayang'ana Che Ajibu m'maso. "Bambo, ndikuuzeni zoona. Pali mtundu wina wolusa. Ukapezeka umenewo, kapaipi kachoka tsiku lomwelo, sitikambirana. Pali wina wofatsirapo, wokhala pakhungu la munthu aliyense. Ukakhala umenewo, tiyesa kukapulumutsa."

Marites anavala magolovesi ndi chophimba pakamwa, nafenso anatipatsa zophimba. Anapukuta kachivindikiro kofiira kaja nthawi yaitali kuposa mmene ine ndimapukutira magalasi a madamu alendo akamabwera. Magazi anakwera m'sirinji, akuda bii.

Potsanzika ndinati, "Amalume, tapita."

"Pita bwino, Zainabu," anatero, akuyang'ana kukhoma.

Zainabu. M'basi yonse yobwerera ku Al Hilal dzina langa lomwe linkandiwawa ngati mwala mu nsapato.

Loweruka ndinagwira ntchito mutu uli kwina. Ndinkasita mikanjo yoyera ya abwana nkumaganiza za kabokosi kaja, kakutentha, kakuzizira, kakuchulukitsa zidutswa za magazi a amalume. Ndinkadzifunsa ngati ndinachita bwino. Mtundu wolusa uja ukapezeka, mpopi uchoka, ndipo adzati ndine ndinauzulitsa. Koma ndikanakhala chete ukanachokabe Lamulungu. Ndinazungulira pamenepo mpaka kolala imodzi inatsala pang'ono kupsa. Ndinaganizanso za Amina, kuti kangati amayi amuthyolera theka la bakitirimu thupi likatentha, ndipo kangati ine ndemwe ndawauza pafoni kuti atero.

Lamulungu chakumasana, ndikutsuka mbale, foni inanjenjemera m'thumba la epuloni. Anali mawu ojambula a Wickson, kumbuyo kukumveka mahutala a magalimoto.

"Sisi, bambo wa mwana wapezeka. Ndi wofatsa uja, wa pakhungu. Ati pa mpopi apeza ambirimbiri, pamkono pang'ono chabe, ndiye mudzi wawo ndi mumpopimo. Sakuzula. Ati ayesa kaye kuunyika. Musandifunse kuti kunyika bwanji, mukafunse nokha, inu ndi amene muli ndi mafunso."

Ndinakhala pansi m'khitchini, manja ali ndi thovu.

Kunyikako ndinakakuona Lachisanu. Che Ajibu anali atangochoka ku makina, ndipo Marites ankathira mankhwala m'timiyendo tiwiri tija, pang'ono pokha, ongokwana kudzaza kapaipi, nkutseka. Ndinafunsa chifukwa chake sakuwakankhira m'thupi. Anati ena akulowa m'thupi kudzera m'diripi, koma awa ndi okhala m'kapaipi momwemo mpaka ulendo wotsatira wa ku makina. Tizilomboti timamata m'kati mwa paipi nkudziphimba ndi zoterera, ndiye mankhwala ongodutsa satifika.

"Ngati ndere za m'chigubu," ndinatero.

Wickson anavutika kumasulira ndere, mpaka anachita kujambula ndi chala. Marites anagwedeza mutu kuti eya. Aliyense amene anatungapo madzi amadziwa kuti chigubu cha ndere sutsuka pongothira madzi nkukhuthula. Umathiramo sopo kapena phulusa nkuchisiya chigone. Ndinaona kuti bakitirimu wa m'chitini ankangopha zoyandama, eni mudzi ali phee m'ndere zawo, ndipo makina akakoka magazi, ena ankakokoloka nkulowa m'thupi. Nchifukwa chake kunjenjemera kunkabwera akachoka ku makina.

Ndinafunsa kuti tizilomboto tinalowa bwanji m'kapaipimo. Marites anati nkovuta kudziwa: thukuta, bandeji yonyowa, dzanja losasamba, nthawi zina ngakhale onse atasamala.

"Kapena kuonetsa alendo," anatero Wickson. "A Unduna amamasulira batani aliyense ngati ali ndi mendulo ya nkhondo."

Ine ndinayang'ana pansi, poti mmodzi wa alendowo ndinali ine.

Tsiku limenelo Che Ajibu sanandilankhule kwenikweni. Ndinawasendera malalanje, Marites nkundiletsa, ati munthu wa impso sadya malalanje ambiri. Ndinadya ndekha ndi Wickson. Dokotala anadutsa nkunena kuti thupi lazizira, koma tisaiwale kuti ndi kuyesa chabe: kutentha kukabwerera mankhwala akatha, kapaipi kachoka basi.

Che Ajibu anatuluka m'chipatala nkubwerera pa desiki yawo. Masabata otsatira tonse tinkayang'ana jekete. Ndikafika pa kashopu, ndisanapereke moni, maso anga ankayamba aona ngati avala malaya okha. Wickson anati usiku amawagwira pamphumi akagona, mpaka tsiku lina anadzidzimuka nkumumenya ndi pilo. Mankhwala anatha. Anawatenganso magazi a m'mabotolo aja, ulendo uno opanda chobisa, ndipo simunamere kanthu. Jekete linakhalabe pa msomali.

Za chitini, Wickson ananyamula mapilitsi onse nkukawasiya ku famase ya kuchipatala kuti akawataye. Ena mwa anzathu anadandaula. Mwajuma, amene amagwira ku hotela, anandiuza m'maso kuti ndatsekera anthu chipatala chawo chifukwa cha pakamwa panga. Ndinamumvetsa, chifukwa nanenso ndinamwapo za m'chitinimo ndipo zinandithandiza. Ndinangoimbira amayi kuti Amina akatentha thupi azipita naye kaye akamubaye chala, asanamupatse kanthu. Amayi anati, "Wayamba udokotala kumeneko?" Sindikudziwa ngati amachitadi.

Mtsempha wa pamkono unakhwima nyengo yozizira itayamba. Anaubaya koyamba, unagwira. Anaubayanso kangapo, unagwirabe. Ndipo m'mawa wina anawachotsa kapaipi kaja, osati mothamanga, koma chifukwa ntchito yake inali itatha. Wickson akuti Che Ajibu anapempha kuti awapatse akasunge, anesi nkukana.

Lachisanu lotsatira ndinawapeza pa desiki, tsitsi lonyowa. Anati asamba kodzithira madzi kuyambira kumutu, koyamba chiikireni mpopi, ndipo anakhalitsa m'bafa mpaka Wickson anagogoda. Pachifuwa panangotsala kachipsera ngati ka nthomba.

"Bwera kuno, Abiti Fahadi," anatero. "Gwira apa."

Ndinaima kaye, kuti ndimve bwino dzinalo. Kenaka ndinaika zala pamkono pawo. Pansi pa khungu pankanjenjemera ngati foni ikuitana m'thumba.

"Chikuchititsa nchiyani?" ndinafunsa.

"Wayambanso," anatero. "Ukafunse mnzako wa ku Sudan."

Anaweramira m'kabati nkutulutsa chitini cha buluu chija. Ndinaganiza kuti mapilitsi abwereramo. Atatsegula, munali tende, zipatso zotsekemera za kuno, ndi kampira ka labala kaja, kotha ndi kufinya.

"Tenga ziwiri. Ine anandiletsa, ndimangosungira alendo." Anadikira kuti ndilume, kenaka anati, "Koma pali chinthu chimodzi chimene anthu inu simukuchinena. Makina aja anachita kufufuza makoko chifukwa chiyani? Chifukwa bakitirimu wa kwathu anali atapha kale. Mabotolo a chipatala chonse chija anasowa chomera. Mankhwala a pa Nselema si masewera."

"A Unduna," anatero Wickson ali pakhomo, makiyi a galimoto akulira m'manja, "mukananena zimenezo pamaso pa mayi wa ku Sudan uja."

"Ndinali wodwala," anatero Che Ajibu. Anatseka chitini, nkudina batani kutsegulira mnyamata wa zakudya amene anali ataima panja ndi chipewa chake cha njinga yamoto.